Zitenje Ziwiri pa Kichenipate ya Mutinta

Zaka zija mafakitale a muno mu Livingstone ankatsekedwa, amuna athu n'kumangoswera pansi pa mango akusewera nsolo, ife akazi a ku Dambwa North tinali ndi ntchito imodzi yosatha, ntchito ya pampopi. Inu atsikana a lero miseche mumatumizirana pa foni, koma ife tinkaima ndi zidebe zathu, ndipo munthu akadutsa tinkamusenda bwinobwino kuyambira kuduku mpaka kuchidendene.

Mmodzi yekha ndiye ankatisowetsa chonena, ba Esita, mkazi wachiwiri wa ba Mweemba ogwira ntchito kunjanji. Anali a mpingo wa Amenonaiti, kansalu koyera sikachoka kumutu, ndolo ayi, kuvina ayi, ndipo ukawatukwana ankakufunsa ngati ana adzuka bwanji kunyumba. Kutchalitchi kwawo amasambitsana mapazi, azimayi akuluakulu kugwada ndi beseni! Munthu wotero umunena chiyani? Tinayesa kufalitsa zoti amamenya Mutinta, mwana amene anamupeza pakhomopo, koma mwanayo ankangonenepa, nkhani n'kufera m'manja mwathu.

Mayi ake enieni a Mutinta, ba Gilesi, anathawa ndi dalaivala wa lole kupita ku Bulawayo mwana ali ndi zaka zinayi. Ba Esita ana awoawo sanakhale nawo, ndipo analera ameneyo mpaka mtsikanayo anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Libuyu. Ndiye kutatsala sabata imodzi kuti kichenipate ichitike, phwando lija la azimayi okhaokha lopatsa mkwatibwi ziwiya, tinangoona takisi yaima, ba Gilesi akutsika ndi wigi yofiira ndi nsapato zazitali zomira mumchenga.

"Nabwera kudzakhala pampando wa mayi," anatero ali pageti pomwe, mokweza kuti tonse timve. "Uyu ni mwana wanga. Wantchito wagwira ntchito yake, zikomo."

Ana inu, ine ndinasiya ndiwo zikupserera! Mpando wa mayi pa kichenipate si mpando wamba, ndi pamene mzinda wonse umadziwira kuti mwanayu ndi wa yani, ndipo ba Esita anali atausokera diresi mpandowo. Tinadikira kuti kansalu koyera kagwe pansi tione zibakera. Koma iwo anangoti, "Lowani, ba mayi ake a Mutinta, mwayenda ulendo wautali," n'kuwatenthetsera madzi osamba. Tinabwerera kunyumba okhumudwa ngati anthu amene filimu yawazimira pakati.

Tsono ine ndinali mmodzi mwa alangizi, ndipo sindibisa, nzeruyo inachokera kwa ine. Mkwatibwi amalowa atafunditsidwa chitenje, kenako wina n'kumuvundukula. Ndinauza anzanga kuti tifunditse atsikana awiri, Mutinta ndi msuweni wake wofanana naye msinkhu, ndiye tiitane mayi adzatisonyeze mwana wawo. Ena anati si mwambo, ine ndinati mwambo uliwonse unayamba ndi munthu.

Loweruka masana bwalo linadzaza, ng'oma zikulira, mapoto ndi mbale zitaunjikidwa pamphasa. Ba Gilesi anali pampando wa mayi akudzikupizira mphepo ndi kapepala, ba Esita kumbuyo akugawa zakumwa. Atsikana aja analowa akukwawa, anakhala pansi phee, zitenje zofanana, kunja kukuoneka zala za kumapazi zokha.

"Mayi wa mwana aimirire!" ndinafuula. "Wobereka sasokera. Tionetseni wanu!"

Ba Gilesi anaimirira akuvina, koma atafika pafupi chiuno chinayamba kuuma. Anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kenako anatambasula dzanja kulunjika kwa msuweni uja. Ine mtima unali kale pampopi, nkhani ya mwezi wathunthu! Nthungululu yonyoza inali itafika pakhosi.

Pomwepo ba Esita anadutsa ndi thireyi yawo ngati akupita kwina, anagwetsa dala kapu pamapazi a ba Gilesi, ndipo powerama kuti atole ndinawamva ndi makutu angawa akunong'ona, "Wakumanzere. Chala chaching'ono chili ndi chipsera cha mbaula."

Ba Gilesi anatembenuka ngati kunali kuvina chabe, anavundukula wakumanzere, bwalo lonse n'kuphulika. "Magazi sanama!" anthu akukuwa, ena akuwanyamula m'mwamba. Ba Esita anabwerera kukatsuka makapu.

Koma pansi pa chitenje makutu amamva. Mkwatibwi saloledwa kudzutsa mutu kapena kuyankhula, ndipo Mutinta sanaphwanye lamulo. Itafika nthawi yoti agone chammbali pansi kuthokoza mayi ake, anakwawa ndi maondo, anadutsa mpando uja osauyang'ana, anadutsa ife alangizi, mpaka kuseri kumene kunali beseni la makapu, n'kukagona m'matope pamapazi a ba Esita ndi diresi lake latsopano. Ng'oma zinasiya zokha. Ba Gilesi anakwera basi ya Lolemba.

Patapita masiku ndinawapeza ba Esita akuyanika zovala, ndipo ndinati, "Inu ndinu mngelo ndithu, ine ndikanawasiya ba Gilesi achite manyazi."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundisendera pafupi. "Ba Nakubiana, musandiyike kumwamba. Nditamva za zitenje zanuzo ndinapemphera masiku atatu kuti asankhe wolakwika. Nditaona dzanja likupitadi kolakwika, ndinachita mantha kuti Mulungu wamva pemphero loipa chonchija, ndipo amene akanalira pansi pa chitenje ndi mwana wanga. Musakauze munthu."

Ndinalonjeza, ndipo ndinasungadi chinsinsicho mpaka madzulo.

Ndiye inu amene mudzakwatiwe pakhomo pamene pali kale ana, musadzalimbirane mipando, mwana amadziwa yekha amene anamupaka mankhwala pachilonda. Ndipo mukadzakhala ndi kanthu kolemera mumtima, kauzeni Mulungu wanu mwakachetechete, osati ine.