Mapiritsi a Fatsani

Abale, dzulo pasiteji ya basi ku Govanhill, kuno kunja kwa dziko, amayi awiri amacheza momasuka, poyesa kuti palibe womva Chichewa.

"Fatsani wanu uja anasiya mapiritsi othandiza kuwerenga aja?"

"Asiya liti? Adokotala anati limodzi patsiku, iye akumeza anayi. Sagona, sadya."

"Pitani naye kuchipatala chapafupichi, asisi."

"Kumene amagwira a Mable a kumvano? Ine ndinaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti mwana wakhoza mayeso ndi pemphero lokha."

"Ndiye pitani chakutali."

"Ndinanena choncho chaka chatha. Ndikusankhabe chipatala, mwana akungotha."

Basi itatulukira, mayi a Fatsani anaimirira.

"Mawa ndipita naye chapafupi chomwechi. A Mable ationa, ationa. Bola mwana wanga adye."