Bambo Kachale Akufunsa Njira ya Kwawo

Lamulungu, 15 Meyi 2016

Amalawi anzathu a ku Tembisa, Benoni, Kempton Park ndi konse kumene mawu athu akufika, ngakhalenso inu akumudzi amene mukutimvera pa wailesi kapena pa lamya za m'manja, tsitsani kaye phokoso, nthawi ya zilengezo zanu yakwana. Tiyambe ndi chachangu.

A Zuberi Athumani, omwe amagwira ntchito ya ulonda ku Isando ndipo amakhala ku Tembisa, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mnzawo wogona naye chipinda chimodzi, bambo Douglas Kachale, asowa kuyambira Lachisanu m'mawa. Bambo Kachale ndi a zaka zoposa 70, aatali, owonda, a imvi mutu wonse. Kwawo ndi m'mudzi mwa Chimbalanga, mfumu yaikulu Ganya, boma la Ntcheu. Anabwera kuno ku Joni m'chaka cha 1995, ndipo ambiri mukuwadziwa chifukwa akhala akusamalira maluwa m'mayadi a ku Benoni. Pochoka anavala jekete yabulauni, chipewa chaubweya ndi masilipasi.

A Zuberi akuti bambowa samwa mowa ndipo si amisala, koma akhala akuiwalaiwala. Mukawafunsa komwe amakhala, amatchula ku Ntcheu. Akasokonezeka amasiya Chichewa n'kuyamba Chifanakalo, chomwe anaphunzira kumigodi ali mnyamata. Amaopa kwambiri chigulu cha anthu komanso utsi, chifukwa pa zipolowe za mu 2008 kanyumba kawo kanatenthedwa iwo akuona. Choncho amene awaone asawakuwize kapena kuwagwira mwamphamvu. Awapatse moni, awatchule dzina, awakhazike pofunda, kenako aimbire wailesi ino. Kuzizira kwayamba, ndipo bambowa sanatenge bulangeti. Chilengezochi chachokera kwa a Zuberi Athumani ndi mayi Pearl Mokoena, eni yadi imene awiriwa amakhala.

Lamulungu, 22 Meyi

A Zuberi Athumani akudziwitsa onse amene anathandiza kufufuza kuti bambo Douglas Kachale apezeka amoyo. Anapezeka Lolemba m'mawa kufupi ndi Kempton Park, atalowa m'yadi ya eni n'kuyamba kusamba pampopi, masilipasi atataya. Anthu anawazungulira, ena akuti ndi mbala, ena akuti ndi mfiti yomwe kwaichera. Mwala wina unawatema pamwamba pa diso.

A Zuberi akuthokoza mwapadera mayi Lorraine Tembo a ku Chipata, Zambia, omwe amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Benoni. Mayiwa anamva chilengezo chathu, ndipo podutsa kukakwera takisi anazindikira jekete ija. Analowa pakati pa anthuwo n'kunena kuti, "A Kachale, mwadzuka bwanji?"

Bambo Kachale anatembenuka n'kuwayang'ana. Anayankha kuti, "Ndadzuka, mama. Kodi basi ya ku Ntcheu yadutsa kale?"

Mayi Tembo anati siinadutse, ndipo anawapempha kuti akaidikire limodzi pofunda. Anawagwira dzanja n'kutuluka nawo, anthu akupatuka okha.

A Zuberi akuti alibe mlandu ndi amene anaponya mwala, poti sankadziwa. Chilengezochi chachokera kwa a Zuberi Athumani, ku Tembisa.

Lamulungu, 5 Juni

Mayi Pearl Mokoena ndi mayi Lorraine Tembo akuitana Amalawi, anzathu a ku Zambia, eni dziko lino ndi aliyense wokhala pafupi kumsonkhano umene udzachitike Loweruka likubwerali masana, payadi ya mayi Mokoena, kuseri kwa sipaza, kagolosale kaja ka a Ismaili. Akhristu ndi Asilamu onse akuitanidwa. Mipando ndi yochepa, bwerani ndi pokhalira.

Achipatala atawayeza bambo Kachale anena kuti ali ndi matenda a ubongo otchedwa dimenshiya. Si ufiti, si kulodzedwa, ndipo sapatsirana. Mankhwala ochiza palibe, koma wodwala akhoza kukhala mwamtendere ngati anthu omuzungulira akumumvetsa. A Zuberi sangathe okha chifukwa cha ntchito, choncho pamsonkhanowu adzagawana masiku okhala ndi bambowa. Mayi Mokoena akuti mayi awo owabereka anadwala matenda omwewa, ndipo banja linkawatsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi mpaka anamwalira. Akuti payadi yawo sadzatsekeredwanso munthu.

Alinso ndi pempho kwa onse ocheza ndi bambo Kachale. Akazi awo, a Nasibeko, anamwalira kumudzi m'chaka cha 2011, ndipo iwo sanapite kumaliro chifukwa pasipoti yawo inapsa. Masiku ano amaiwala zoti kunachitika maliro, ndipo amafunsa aliyense ngati a Nasibeko ali bwino. Ena mwa inu, posafuna kunama, mumawauza zoona. Nthawi iliyonse akauzidwa amalira ngati amva koyamba, mawa lake aiwala, n'kufunsanso. Chonde musawauzenso. Akafunsa, afunseni inuyo kuti a Nasibeko anakumana nawo kuti. Adzakuuzani za mtsikana amene anawakana kawiri pamsika wa Lizulu, ndipo adzaseka. Chilengezochi chachokera kwa mayi Pearl Mokoena ndi mayi Lorraine Tembo.

Lamulungu, 3 Julayi

Gulu losamalira bambo Douglas Kachale ku Tembisa likufunafuna mwana wawo yekhayo, Nelly Kachale, wobadwira m'mudzi mwa Chimbalanga, mfumu yaikulu Ganya, ku Ntcheu. Bambo ake anamusiya ali sitandade 3. Mbiri yomaliza imati anakwatiwa ku Balaka. Gululi likuti bambowa akudya, akusamba, ndipo sakusowa wokhala nawo, koma m'mawa uliwonse amaima pageti n'kumafunsa odutsa njira ya kwawo. Amene akumudziwa Nelly amuuze kuti palibe chimene akumukakamiza, akungofuna adziwe kuti bambo ake ali moyo. Chilengezochi chachokera kwa a Zuberi Athumani, m'malo mwa gulu lonse.

Lamulungu, 17 Julayi

Ichi chatipeza kuchokera kumudzi. Mayi Nelly Kachale, omwe amasoka zovala ku Balaka, akudziwitsa a Zuberi Athumani ndi gulu lawo kuti uthenga uja anaumva pa lamya ya mnzawo. Anakula osamva mawu a bambo awo. Mayi awo anawadwazika okha, n'kuwaikanso okha, anthu akufunsa kuti mwamuna ali kuti. Akuthokoza onse amene akuwasamalira bambowa, koma sakulonjeza kanthu. Ali ndi funso limodzi lokha, ndipo atipempha kuti tiliwerenge monga alinenera: "Mwa anthu onse amene amawafunsa, kodi ineyo amanditchulako?" Chilengezochi chachokera kwa mayi Nelly Kachale, ku Balaka.

Omvera athu, tili mkati mwa nyimbo a Zuberi atiimbira, ndipo apempha kuti yankho lawo lisadikire sabata yamawa. Akudziwitsa mayi Nelly kuti sangawanamize: bambo awo sadziwa kuti Nelly anakula. Amene amamutchula ndi kamwana kasukulu komwe anakasiya kakutsokomola. Akamva mwana wa payadi akutsokomola, amadzuka n'kuvula jekete yawo kuti akamufunditse, akunena kuti Nelly chifuwa sichinamuthe. Chilengezochi chachokera kwa a Zuberi Athumani.

Lamulungu, 14 Ogasiti

Gulu losamalira bambo Douglas Kachale likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mayi Nelly avomera kulandira bambo awo. Chikalata chaulendo chapezeka, ndipo adzanyamuka Lachinayi pa basi ya ku Blantyre, moperekezedwa ndi a Zuberi, omwe apempha tchuthi kuntchito. Ofuna kutsazika abwere Lachitatu masana payadi ya mayi Mokoena, koma azilowa awiriawiri kuti bambowa asachite mantha. Musawafunse ngati akukukumbukirani. Tchulani nokha dzina lanu, mukhale nawo pang'ono.

Gululi likutinso silitha. Kuyambira tsiku la msonkhano uja, mabanja ena atatu abwera poyera kuti nawonso ali ndi odwala otere m'nyumba, ndipo akupitiriza kukumana Loweruka lililonse. Chilengezochi chachokera kwa mayi Pearl Mokoena, mayi Lorraine Tembo ndi a Zuberi Athumani.

Lamulungu, 9 Okutobala

Mayi Nelly Kachale a ku Balaka akudziwitsa onse a ku Tembisa kuti bambo awo akupeza bwino m'thupi ndipo anenepako. A Zuberi atabwerera ku Joni, mayiwa anawatengera bambo awo ku Chimbalanga kuti akaone kwawo. Anthu anabwera ambiri kudzawalonjera. Bambo Kachale anayamikira mudziwo kuti ndi wokongola ndipo anthu ake ndi aulemu, kenako anafunsa mwakachetechete kuti abwerera liti kunyumba.

Mayi Nelly akuti masiku ena bambowa amawaitana kuti Nasibeko, ndipo iwo amavomera. Masiku ena amawatenga ngati mlendo wachifundo, n'kumawafotokozera za kamwana kawo ka sitandade 3, kuti n'kanzeru ndipo kadzapita patali. Akuti amamvetsera uku akusoka, osawadula mawu.

Vuto lili pa chakudya chamadzulo. Dzuwa likapendeka, bambo Kachale amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo amakana kudya. Amati sangadye mnzawo asanabwere kuntchito, chifukwa chiyambire pamene nyumba yawo inapsa ndipo Zuberi anawatola n'kuwapatsa pogona, sanadyepo okha. Dzina la mudzi wawo limawathawa, la mwana wawo limabwera n'kupita, koma la Zuberi silinachoke. Mayi Nelly akupempha a Zuberi kuti, ngati n'kotheka, aziimbako lamya madzulo. Chilengezochi chachokera kwa mayi Nelly Kachale ndi amuna awo, ku Balaka.

Chomaliza cha lero. A Zuberi Athumani akudziwitsa mayi Nelly kuti amva, ndipo aziimba tsiku lililonse akaweruka kuntchito. Akuti nawonso chibwerereni amapezeka atatsuka mbale ziwiri. Koma poti lamya za ku Balaka nthawi zina zimavuta, apempha kuti wailesi ikhale pafupi ndi khonde, ndipo ife tiwerenge mawu awa pang'onopang'ono:

"A Kachale, ndine Zuberi. Ndachedwa kuntchito. Idyani, musandidikire. Amene akupatsani chakudyayo ndi wathu, idyani naye."

Chilengezochi chachokera kwa a Zuberi Athumani, ku Tembisa.

Zilengezo za lero zathera pamenepa. A ku Balaka, ngati wailesi inali kutali, isendezeni, tiwerenganso kachiwiri.