Mababu Osapsa Msanga

Podikirira basi ku Adelaide, Tahlia ankangotembenuza babu lakale m'manja. Mayi ena achilendo anamugunyuza.

"Mwanawe, babu lakupsa ukulikhalira maliro?"

"Silinapse, mayi. Boma linalamula kampani ya magetsi kutisinthira mababu mwaulere. Anabwera mnyamata wina, Callum. Kumwetulira kwakeko! Koma atsopanowa akuti sapsa msanga. Ndidzamuonanso nditamera imvi?"

"Nambala yake sunatenge?"

"Ndinkamugwirira makwerero, mawu onse anandithawa."

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Kwanga sanasinthe, akubwera Lachisanu. Ndiye ndi nyamakazi yangayi, makwerero andigwirira ndani?"

"Ine, mayi! Koma nanga akatumiza wina?"

"Timubwezera pachipata. Iwe ungobwera utapesa bwino tsitsilo."