Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Patatha chaka chichitikire ngozi ya mumgodi wa malasha wa Kamandama, aliyense wogwira ntchito mumgodi ku Wanki anauzidwa kuti alembetse khadi latsopano, ndipo wopanda chidindo ikamalira huta yoitanira shifiti ya masana asalowe pansi. A Obedi Nkhoma, fitala wokonza mapampu yemwe anali atajomba kale kawiri mwezi umenewo moti kachitatu akanapakira katundu, anafika pa zenera la a Fideli, mabalani kapena kuti kalaliki wa pamgodi, yemwe amalemba chilichonse monga wachimvera.

"Dzina talemba, kumudzi talemba, akazi anu a Loice talemba," anatero a Fideli akunyambita pensulo. "Mzere wachisanu ndi chiwiri. Mpingo?"

"Palibe."

"Palibe ndiye uti? Wa ku Zambia?"

"Aikona! Ndikuti sindipemphera. Mulungu kulibe, achimwene. Ine ndimakhulupirira sayansi."

"Oho, bwenzi mutangoyamba ndi pamenepo." Anawerama nkuyamba kulemba pang'onopang'ono. "Mpingo... wa... Sayansi. Abusa ake ndani?"

"Ilibe abusa!"

"Mumangolalikirana nokha? Chabwino, iliponso ina yotero. Mumasonkhana Loweruka kapena Lamulungu?"

A Obedi anavula chipewa cha mumgodi, nachiika pa kauntala mwamphamvu. Munthu ameneyu chiyambireni kubwereka mabuku kwa aphunzitsi a ku Ingagula, ngakhale nkhuku zake zinkamva za mapulaneti.

"Tamverani. Azungu anakwera mpaka kumwezi. Anapezako mngelo? Ngakhale nthenga imodzi?"

"Anafufuza kuseri komwe?"

"Iii, inu!" Anapisa m'thumba natulutsa kachibenthu ka malasha. "Onani apa. Tsamba ili, ladinda m'kati mwa khala. Lakhala pansi zaka mamiliyoni. Baibulo lanu likuti chiyani pamenepo?"

A Fideli anakatembenuza, nakanunkhiza.

"Munalipo likugwa?"

"Ayi."

"Ndiye anakuuzani ndani?"

"Buku."

"Eya, nafenso anatiuza ndi buku. Lanulo lili ndi nyimbo kumapeto?"

"Lilibe nyimbo!"

"Pepani, ndiye pamaliro anu padzakhala zii." Anabweza khalalo mwaulemu. "Mzerewu, achimwene, ukufuna munthu woti tikamuitane zitavuta pansipo. Munthu wa miyendo iwiri. Kodi sayansiyo imakhala nyumba nambala chiyani?"

"Ku labotale! Kumene amayeza malasha ndi mpweya!"

"Aaa, kwa a Simoni Mbewe! Mwatha ntchito." Pensulo inathamanga. "Woika maliro: a Simoni, katekisiti wa Katolika."

"Katekisiti?"

"Simudziwa? Pakati pa sabata amayeza gasi, Lamulungu amaphunzitsa katekisimu. Ndipo mwachita mwayi, bambo amene uja akayamba korona samaliza msanga."

"Fufutani! Ine ndakana Mulungu zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndikagone pansi ndi korona?"

A Fideli anafufuta, nauzira zinyalala za labala. Kunja anthu a shifiti ya masana anali atayamba kudutsa, majombo gwa gwa gwa. A Obedi anasuzumira wotchi ya pakhoma.

"Tangodindani, mzerewo musiye choncho."

"Wopanda kanthu? Chidindo sichitera pa khadi la mphako."

"Lembani mzera wongodutsa."

"Mzera ungaike maliro?"

"Mayo ine! Chabwino. Lembani CCAP. Mpingo wa mayi a kunyumba."

A Fideli anaika pensulo kukhutu, nawayang'ana mwachisoni.

"Khadi la a Loice kapena lanu?"

"Langa!"

"Koma mwanena ndi pakamwa panu kuti Mulungu kulibe. Ndamva ine, amva amayi akusesawo."

"Ndimacheza!"

"Ndi khala m'thumba?"

"Ndinabatizidwa ine, ku Dedza, ndili wamng'ono! Ndinaimbapo kwaya! Mulungu alipo, achimwene, alipo ndithu!"

"Hawu. Ndiye kumwezi kuja sanamupeze bwanji?"

"Sanafufuze kuseri!"

"Nanga tsamba lija?"

"Analiika Iye mwini! Kodi mukufuna ndigwade?"

A Fideli anakanda chibwano. Ndithu zinawavuta mumtima, poti munthu wake sanalembepo chinthu chokayikitsa chibadwire.

"Mwandisokoneza mutu, a Nkhoma. M'mawa uno ndinadzuka Mkhristu wabwinobwino. Mwabwera inu mwandionetsa khala, tsopano mukundiuza zina popanda chondionetsa. Bweretsani kalata ya abusa yonena kuti ndinu nkhosa yawo, ndidinda pompo."

"Kalata? Abusa amene ndinawauza pamsika kuti agogo awo anali nyani?"

"Omwewo. Kwatsala mphindi makumi anayi."

A Obedi anatola chipewa, khala lija nkuliiwala pa kauntala, naliyatsa liwiro kulowera ku tchalitchi kumene sanapondeko chikwatire. Atafika pa geti anatembenuka, thukuta lili kamukamu.

"Nanga ndikapanda kuwapeza ndichite chiyani?"

A Fideli anatulutsa mutu pa zenera.

"Lachinayi ngati lero amakonda kukawedza kumtsinje wa Deka, achimwene. Muzipemphera m'njiramo!"