Wotchi ya Malemu Bambo Ikuyendabe

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kawale. Malemu bambo anga ankasonkhanitsa mawotchi, koma yapamtima inali yagolide, yoonetsa nthawi ziwiri: ya kuno ndi ya ku Mangalande, kumene mayi anga anamwalirira akugwira ntchito ya unamwino. Bambo sankaivula ngakhale posamba.

Bambo atamwalira, ndinaitsekera m'sutikesi. Chaka chatha ndinaitulutsa. Nthawi ya kuno inali itaima, koma ya ku Mangalande ikuyenda bwinobwino.

Wokonza mawotchi ku Chilinde anaitsegula, n'kundiyang'anitsitsa.

"Amayi, wotchi iyi siyendera batire. Imayenda ikakhala pamkono wa munthu. Akuivala ndani?"

Omvera anzanga, ndithandizeni nzeru. Achimwene akuti tiigulitse. Koma ndingagulitse bwanji chinthu chimene eni ake akuchivalabe?