Amayi a Shedi ndi Makina a Mlongo Wawo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957, oyamba m'banja la ana awiri. Wachiwiri ndi mlongo wawo, amene ambirinu mumawatchula kuti Amisiri. Bambo awo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, choncho ana onse awiri anakula akuphwasula chilichonse kuti aone zam'kati. Kusiyana kwake, Amisiri ankatha kubwezeretsa.

Anayamba sukulu mu 1964, ndipo mu 1980 anamaliza maphunziro a zachuma kuyunivesite. Chaka chomwecho analembedwa ntchito kukhonsolo ya mzinda, kunthambi yopereka ziphaso za malonda. Mu 1982 anakwatiwa ndi bambo athu aang'ono, mphunzitsi wa masamu, amene anatsogola mu 2011.

Lamulo la masiku amenewo linkati wopanga zinthu kunyumba popanda chiphaso alandidwe zipangizo, pamene chiphasocho ankapatsa yekhayo amene ali kale ndi fakitale. Mu 1985 gulu limene malemu ankatsogolera linalowa kuseri kwa nyumba ina, n'kupeza mlongo wawo akuwotcherera zitsulo ndi makina amene anadzipangira okha ndi waya wa mamota akufa. Anzawo a ntchito anayang'ana malemu, kuyesa anena kuti tiyeni tibwerere. Koma malemu anati makinawo akwezedwe m'galimoto. Anakawatsekera m'nyumba yosungira katundu wolandidwa, ndipo kuchokera tsiku limenelo awiriwa ankangopatsana moni pamaliro basi.

Nkhaniyi inawapweteka malemu, ndipo sanabise. Anayamba kuvutitsa makhansala kuti lamulolo lisinthe, mpaka ena ankadzitsekera m'maofesi akamva nsapato zawo pakhonde. Mu 1994 khonsolo inagonja. Nyumba ya katundu wolandidwa ija inasanduka shedi ya amisiri: munthu wa nzeru yatsopano ankapatsidwa benchi, magetsi ndi zaka ziwiri zoyesera popanda chiphaso, ndipo zikakanika ankachoka popanda chilango, wina n'kulowa. M'menemo munatuluka opanga mapampu, zigayo zing'onozing'ono ndi mbaula zosadya makala ambiri. Ena mwabwera pagalimoto zanu lero munayambira pamabenchi amenewo, ndipo ndinu munawapatsa dzina lakuti Amayi a Shedi.

Koma pofuna kutseka pakamwa anthu onena kuti akukonzera abale awo, malemu anawonjezera okha mfundo yakuti m'bale wa wogwira ntchito kukhonsolo asapatsidwe benchi. Woyamba kubwezedwa pakhomo ndi mfundoyo anali mlongo wawo yemwe uja. Ife a m'banja tinawauza kuti apa ndiye mwanyanya. Iwo anati lamulo likayamba kuyang'ana nkhope, shediyo idzadzaza ndi ana a mabwana. Sananame, koma zinawawa.

Atapuma ntchito mu 2017, anatumiza uthenga kwa Amisiri kuti tsopano khomo latseguka. Yankho linabwera lakuti mutu wachita kale imvi, benchilo apatse ana.

Mu Novembala 2022 malemu anadwala sitiroko, miyendo n'kusiya kugwira ntchito. Njinga ya odwala imene tinagula sinkalowa pakhomo la bafa, chifukwa ndi lopanikiza. M'mawa wina tinapeza pageti njinga ina, yaing'ono m'mbali, yopaka utoto wobiriwira, woibweretsa osaoneka. Inalowa m'bafa bwinobwino. Malemu anasisita ndi chala pamene panawotchereredwa, n'kugwetsa misozi. Anati dzanja limeneli akulidziwa. Atawaitanitsa, Amisiri anabwera Lamlungu atanyamula sipanala, ati angodzalimbitsa mabawuti. Mabawuti amenewo anakhala akuwalimbitsa Lamlungu lililonse kwa zaka ziwiri, tiyi akumwa. Akuluakulu sananame kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Anatisiya kuchipatala pa 3 Febuluwale 2025, Amisiri ali pambali pa bedi. Asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi mlongo wawo mmodziyo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anansi amene sanatope nafe, anzawo a kukhonsolo, komanso amisiri a mushedi amene atseka ntchito lero kudzawaperekeza.

Malemu anasiya pempho limodzi lokha. Pamene nyumba ija inkasesedwa mu 1994, katundu yense wolandidwa anagulitsidwa kwa ogula zitsulo, kupatula makina amodzi amene iwo anawakaniza, n'kuwafunditsa lona pakona. Anati akadzapita, makinawo abwezedwe kwa mwini wake. Tinakawatula dzulo. Amisiri anavundukula lonayo, anawayang'ana nthawi yaitali, dzimbiri lokhalokha, ndipo anati akhoza kukonzeka.

Mayi athu, ntchito yanu mwaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.