Zithunzi za Bambo Zinakana Kutuluka Pakhoma

Omvera anzanga, ndimakhala pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Bambo anga atapuma pantchito, ndinasonkhanitsa zithunzi zawo zakale kuti tionetse pakhoma tsiku lowatsanzika. Holo itadzaza, pulojekita inangoonetsa mdima. Pulogalamu yosinthira makonzedwe a khadi lotumiza zithunzi ku pulojekita inali itasowa mukompyuta yanga. Thukuta linali kamukamu.

Aphunzitsi ena achilendo anabwera kudzasuzumira. "Achimwene, kapulogalamu koyendetsa khadili kafufutika. Tiyeni tikaikenso."

Anatsitsa kena ndi bandulo ya foni yawo. Titayatsanso kompyuta, khoma linawala.

Bambo ataona malemu mayi akuthyola tiyi, dengu lili kumsana, anavula chipewa. "Mwanawe, taimitsa kaye pomwepo."

Aphunzitsi, ngati mukumvera, zikomo. Mulungu akudalitseni.